Magazini Yobwera mu Nsalu

Evance Chikoti anali telala pa Nambuma, makina ake ali pakhonde la golosale. Tsiku lina mnzake wa kusukulu, Jonathan, anabwera kuchokera ku tauni ndi timapepala tinayi tophatikiza pamodzi, pamwamba patalembedwa kuti Mthunzi.

"Tayambitsa ife, anthu atatu," anatero Jonathan chapansipansi. "Ndi magazini ya amuna ngati iwe ndi ine, okonda amuna anzathu. Usaisiye poyera."

Evance anaiwerenga katatu tsiku lomwelo. Munali makalata, nthabwala, malangizo a kukayezetsa magazi, ndi chithunzi chojambula pamanja cha malaya opanda kolala. Zaka zonsezo iye ankayesa kuti dera lonse la Nambuma ali yekha.

Magaziniyo inkabwera miyezi itatu iliyonse, itakulungidwa mu nsalu zimene ankaitanitsa ku Lilongwe. Pofika chaka chachitatu masamba anali makumi awiri, ena amitundu. Malaya aja anawasoka, nawavala tsiku la msika. Ee, anthu kuwakonda! Anayamba ndi anyamata a kabaza, kenako aphunzitsi, mpaka akulu a mpingo anasoketsa awo a pa ukwati. Akamufunsa kumene wawaona ankangoti, "Za m'tauni izi, bambo."

Tsamba limene ankathamangira linali la makalata. Kunkalemba munthu wina wodzitcha Mlimi wa ku Kasiya, wodandaula moseketsa kuti azakhali ake amubweretsera atsikana asanu ndi awiri, ndipo onse anabwerera atangophunzira kufesa nazale ya fodya. Evance anamuyankha m'magazini momwemo. Anayankhizana chaka chathunthu, mpaka owerenga ena analemba kuti, "Inu awiri, takumanani, tatopa nanu!"

Anakumanadi. Loweruka lina panafika mwamuna wamtali pa njinga, atanyamula buluku loti sanang'ambike paliponse.

"Mungandikonzereko ili?"

"Lavuta pati?"

"Kaya," anatero mlendoyo akuseka. "Ndine Kingsley. Wa ku Kasiya."

Evance anadzibaya ndi singano.

Patapita miyezi, mchemwali wake Chiyamiko, amene ankakhala naye, anamupeza akufufuza pansi pa matiresi thukuta lili kamukamu.

"Achimwene, ngati mukufuna mabuku anu aja, ndawaika m'chitini. Chiswe chinayamba kuwadya."

Evance anakhala pansi.

"Wawerenga?"

"Kuyambira kalekale. Kodi mumayesa keke ya nthochi ija ndinaiphunzira kuti?" Anakhala naye pafupi. "Poyamba ndinalira, sindinama. Ndinkaopa anthu, ndipo mpaka pano ndimaopa. Koma kalata ya mayi uja wolemba za mwana wake ndinaiwerenga kasanu. Ndinu achimwene anga basi."

Evance anapukuta m'maso ndi kansalu kotsala posoka.

"Ndiye a ku Kasiya aja," anapitiriza Chiyamiko, "auzeni asiye kubweretsa mabuluku abwinobwino. Azingobwera kudzadya. Lamulungu ndipha nkhuku."

Lamulungu Kingsley anafika atanyamula thumba la mtedza, manyazi ali tho. Chiyamiko anamupatsa mpando, namufunsa za mvula, za mbewu, kenako za azakhali aja.

"Akadafunafunabe wachisanu ndi chitatu," anayankha Kingsley.

Anaseka onse atatu mpaka mayi woyandikana nawo anasuzumira pa mpanda kufunsa chimene chachitika.