Atcheya a Mjigo

Eluby anali pakati pochapa, thovu mpaka m'zigongono, pamene Sarah wa nyumba yoyandikana anasuzumira pampanda.

"Anyina Towera, mwakweratu. Amuna anu awasankha utcheya wa komiti ya mjigo."

Eluby sanadzutse n'komwe mutu. Laston yemweyu, woti zaka khumi ndi zisanu zaukwati sanagwirepo ndowa? Malinga ndi Sarah, kumsonkhanoko kunabwera amuna atatu okha, ndipo awiriwo ankawodzera.

Madzi otsukuluzira anali atatha, pomwe yunifolomu ya mwana wake Towera inkafunika iume tsiku lomwelo, poti mawa lake kunali mayeso. Ananyamula ndowa, ulendo wa kumjigo.

Anapeza mjigowo utamangidwa ndi tcheni cha njinga yawo, loko wa pakhola lawo la nkhuku akulendewera. Amayi asanu anali atakhalira zigubu. Laston anaima chapatali, atavala jekete ya kutchalitchi dzuwa lili paliwombo, kiyi ali pachingwe m'khosi.

"Tsegulani, bambo a Towera. Ndowa imodzi basi."

"Mayi," anatero Laston, ngati akulankhula ndi mlendo wongotsika basi, "mjigo umapuma kuyambira 12 mpaka 4 koloko. Komiti yagwirizana."

"Komiti iti? Si mwasankhidwa m'mawa uno?"

"Ndiye tayambapo ntchito."

Amayi aja maso anali pakiyi. Eluby ankawadziwa onse. Laston akangotsegula, pofika madzulo mudzi wonse wa Chisenga ukhala utamva kuti Atcheya amakondera akazi awo. Laston naye ankadziwa zimenezo. Anamuyang'ana mkazi wake kamodzi, mwamantha, monga amachitira akaswa mbale. Kenako anayang'ana amayi aja, n'kutukumula chifuwa.

"Pano palibe mkazi wa munthu. Aliyense adikire."

"Yewo, Atcheya," anavomera amayiwo, ena akubisa kukamwa ndi nsalu.

Eluby anabwerera kunyumba ndi ndowa yake yopanda kanthu. Kubafa kunali madzi amene anawatungira Laston m'mamawa kuti asambe akachoka kumsonkhano. Anatsukuluziramo yunifolomu ija, kuifinya, kuiyanika padzuwa penipeni. Otsalawo anathirira nkhuku, zimene tsopano zinali mbwee m'dimba la nyemba chifukwa khola linalibe loko.

M'beseni munatsala mathalauza awiri a Atcheya, ndipo ena analibe kupatula amene anavalawo. Eluby anawavuula, n'kuwaunjika pamwala ndi thovu lawo lomwe. Anakhala pansi, anakoka chitenje chake pamulu wa zochapa, n'kuyamba kuchifikisa.