Makabuleta Atatu ndi Khutu la Sixten

Munthu wa m'dera lathu akamanga injini ya makabuleta atatu, sankafunsa kolowera. Ankapita kukatenga Sixten Backlund ndi ulemu wonse ngati akukatenga m'busa. Kabuleta ikakhala imodzi palibe mlandu, imakoka mpweya n'kusakaniza ndi petulo, basi. Koma makabuleta atatu ndi mitala: ina ikangodya kuposa inzake, nyumba yonse imagwedezeka. Injini imatsokomola, imalavula utsi wakuda, n'kukazima pamphambano pomwe padzaza anthu.

Anyamata a masiku ano ali ndi kawotchi koyezera mpweya. Sixten ankati kawotchi ndi ka anthu obadwa opanda makutu. Chida chake chinali kapaipi ka labala, mbali ina pakamwa pa kabuleta, mbali ina m'khutu, maso ali chitsinzinire, kumvera mmene mpweya ukulirira polowa. Onse atatu akalira mofanana ankakweza chala m'mwamba, nkhani yatha. Ulemu wake wonse unali pakhutupo, poti kupatula apo anali mdala wamba wopuma pantchito yocheka matabwa.

Tsono vuto linali apa. Khutu lakumanja linali litafa kalekale, ndipo lakumanzere linali litayamba kulira lokha, siii, usana ndi usiku, ngati mwalowa nyenje. Sixten sanauze munthu, ngakhale mkazi wake Majvor. Ankachita mantha zedi.

Loweruka lina m'chilimwe anamuitana kwa Börje Hedlund. Börje anali atamaliza kumanga galimoto yake yakalekale ya Fodi, yopanda boneti, denga lofupikitsa, malawi a moto ojambula m'mbali, ndipo madzulo a tsikulo inkayenera kutsogolera m'ndandanda wa magalimoto akale pozungulira tauni. M'garaja munadzaza amuna atsitsi lopaka mafuta, fodya ali kuseri kwa mlomo. Panalinso Kjell-Åke, mwini kawotchi, yemwe ankangosisita thumba la jekete.

"Masula chitsulo cholumikiza makabuletacho, iliyonse iime payokha," analamula Sixten. "Liza. Wa chifuwa atuluke."

Börje analiza injini. Sixten anawerama, kapaipi m'khutu, maso tseke. Kabuleta yakutsogolo: siii. Yapakati: siii. Yakumbuyo: siii. Zonse bwinobwino, monga zinthu zonse zinkamvekera masiku amenewo, kaya ndi ketulo kaya ndi ulaliki. Koma injini inkanjenjemera ngati yagwidwa malungo, kenako inatsokomola kawiri n'kuzima. Panja galimoto ya munthu wina inkalirimabe, choncho mdala sanadziwe kanthu. Anapitiriza kusuntha kapaipi kake, akugwedeza mutu mwanzeru, mpaka anakweza chala.

"Zafanana!"

Atatsegula maso anapeza anthu ali kukamwa yasa.

"Sixten," anatero Börje mofatsa, "injinitu yazima kalekale."

Koma mkulu sagwa poyera.

"Ndiye ukundiuza ine? Injini imanena zoona ikamatsirizika, mwana iwe. Ndimamvera mpweya womaliza."

Ena anagwedeza mitu, poti za Sixten sankazitsutsa. Kjell-Åke yekha anatsokomola. "Kawotchitu ndili nako, mkulu. Sikaluma."

"Timwe kaye khofi," Börje anadula nkhani. "Tikatha, Sixten ayesenso kamodzi. Zikakanika, Kjell-Åke utulutsa kakoko. Ine sindikufuna kukakankha galimoto pamaso pa tauni yonse."

Khofiyo ndi mabanzi a sinamoni anabwera nazo ndi Majvor, ndipo zonsezi anaziona ataima pakhomo. Mayi ameneyu ankaimba kwaya kutchalitchi, ndipo munthu akaphonya mawu pang'ono chabe ankamucheukira ndi diso loti sudzaiwala. Anakoka mwamuna wake ndi malaya mpaka kuseri kwa mulu wa nkhuni, n'kuima kumanzere kwake.

"Wagontha."

"Ndani?"

"Mphaka wa Börje. Iweyo, nanga ndani?"

Sixten anakhala pachitsa, kapaipi kali lende m'manja. "Akandilanda zimenezi nditsala ndi chiyani, Majvor? Ndidzangokhala mdala wodya mabanzi a eni."

"Ndiwe kale ameneyo," anatero Majvor, koma chisoni chinamugwira. Anayang'ana uku ndi uku, maso ake anagwera pa paipi yothirira maluwa. "Bweretsa mpeni."

Atabwerera m'garaja, Sixten ankakoka paipi yobiriwira yaitali ngati njoka.

"Aaa! Paipi yanga imeneyo!" analira Börje.

"Ukufuna maluwa kapena galimoto? Injini yovuta imafuna paipi yaitali, phokoso limasefeka m'njira. Ndipo isakhudze pansi. Majvor, gwira kumbuyoko."

Paipi inachoka pakamwa pa kabuleta, inadutsa pakhutu la Sixten pomwe anaiphimba ndi chikhatho, inatsika paphewa, n'kukathera mkati mwa duku lofiira, pakhutu la Majvor, yemwe anaima kumbuyo kwake nkhope ili gwa ngati ali pamaliro. Pangano lawo linali lapafupi: akamuponda chidendene chakumanzere, kabuleta ikukoka mpweya wambiri, atseke. Chakumanja, atsegule. Chomwe Sixten sanaganizire n'chakuti mkazi wake anavala nsapato zosongoka zokavinira madzulo.

Injini inaliranso. Börje anagwira sikuluu ya kabuleta yakutsogolo, kudikira.

"Mayo! Tseka!" anakuwa Sixten, nsapato itamutera pachidendene.

Börje anapotoza pang'ono.

"Ayi-yi-yi! Tsekabe!"

"Taonani mmene zikumupwetekera," ananong'ona wina. "Amazimva m'thupi monse munthu ameneyu."

Anafika pa yapakati, Sixten akudumphadumpha ngati waponda makala. Injini inayamba kukhazikika, ndipo mdala ataona anthu akumwetulira, matama anamubwerera. Anatembenukira anyamata aja. "Mwaona? Izi si za kawotchi. Ndiponso si za akazi, iwo ntchito yawo n'kugwira paipi basi."

Nsapato inatera pachidendene chakumanja ndi mphamvu ya ng'ombe.

"Tsegula!" anakuwa Sixten asanaganize.

Börje anatsegula. Injini inaphulika phwaa, lawi linatuluka pakamwa pa kabuleta n'kuwaula nsidze za Kjell-Åke yemwe anali atasuzumira kwambiri. Nsapato inateranso, ulendo uno kumanzere.

"Tseka! Tseka! Ndimakuyesani ngati muli maso!"

Kuchokera apo mdala anagwira pakamwa pake. Anabwerera ku yakutsogolo, anadzera yakumbuyo, anabwereranso pakati, poti ukakhudza imodzi zinzake zimasintha maganizo. Kenako kumbuyo kuja kunangoti zii, osapondanso. Sixten anadikira, zidendene zikuwawa ngati zithupsa. Anamva chala chikumugunda pamsana. Anakweza chake m'mwamba.

Börje analumikizanso chitsulo chija, n'kuika kapu ya khofi pamwamba pa injini. Khofi sanagwedezeke n'komwe. Kjell-Åke, wosakhulupirira mpaka imfa, anatulutsa kawotchi kake n'kuyeza makamwa onse atatu. Anakabweza m'thumba mwakachetechete, n'kupita kukatenga banzi lalikulu kukapatsa Sixten ndi manja awiri. M'garaja munabuka mfuu. Börje, chimunthu chandevu, anali kupukuta misozi ndi nsanza yamafuta, akunena kuti sanamvepo injini yoimba chotere. Sixten anamwetulira, koma mumtima munali chisoni. Nyimbo yonseyo iye ankangomva siii.

Mwambo wathu ndi woti amene wafananitsa makabuleta ndiye amayamba kuitulutsa galimoto. Sixten anakwera akutsimphina, Majvor anakhala pambali pake kumanja, poti chiwongolero cha magalimoto a kuno chimakhala kumanzere, ndipo analowera msewu wa m'nkhalango. Pakona ya diso mdala anaona milomo ya mkazi wake ikuyenda.

"Inde, inde," anayankha monga mwa masiku onse.

Majvor anamumenya pabondo n'kuloza m'mbali mwa msewu. Ataima, mayi anatsika, anazungulira kutsogolo, n'kulowetsa mutu pawindo lakumanzere.

"Ukudziwa zimene wakhala ukuvomera m'galimoto zaka zonsezi?"

"Ziti?" anafunsa Sixten.

"Unavomera kugulitsa bwato lako. Unavomera kuti mchemwali wanga Gullan adzakhale nafe nyengo yonse ya chisanu."

"Gullan? Ndi agalu ake omwe?"

"Unati inde, inde."

"Mayo ine!"

"Poyamba ndinkasangalala, ndimati ndakwatiwa ndi mngelo. Kenako tsiku lina tikuchokera kuchipatala ndinakuuza kuti ndili ndi mantha ndi zomwe adokotala apeze." Majvor anamuyang'ana m'maso. "Unati inde, inde. Sanapeze kanthu, koma ndinakukwiyira mpaka Khirisimasi."

Sixten anayang'ana manja ake pachiwongolero. Manyazi a m'garaja aja anali masewera poyerekeza ndi awa. "Sindinamve, Majvor."

"Ndadziwa lero. Sendera uko."

"Ati?"

"Sendera! Ndiyendetsa ndine, ndikhale kumbali ya khutu lamoyo."

Munthu amene sanalolepo mkazi wake kugwira chiwongolero anasendera mwakachetechete. Majvor anavula nsapato zosongoka zija, anaponda moto ndi phazi lopanda kanthu, makabuleta onse atatu anatseguka pamodzi, mitengo inayamba kuthawira kumbuyo.

"Za Gullan ndakana!" anakuwa Sixten atagwira chipewa.

"Unavomera kale!"

"Linavomera ndi khutu lakufa! Bwatonso silipita kulikonse!"

Anakangana njira yonse mpaka pakhomo pa Börje, mawu ali m'mwamba kuposa injini, ndipo amuna aja anadabwa kuona Sixten akutsika kumbali ya wokwera, akutsimphina, akuseka ngati mwana.