Mlenje wa Fahadi Ali M'dzenje

Anthu a pa Uliwa ankati timatchova njuga. Njuga yake iti? Loweruka lililonse tinkakhala kuseri kwa shopu ya bambo ake a Fahadi, ine Ireen ndikupeka nkhani, anzanga atatu aliyense akulankhulira munthu wake wa m'nkhanimo. Munthu akayesa chinthu, dayisi ndiyo inkagamula ngati chatheka.

Fahadi, mnyamata wa ku Mangochi, ankasewera mlenje wamakani ngati mwini wakeyo. Tsiku lina mlenjeyo anagwera m'dzenje ku phiri la Uraha akusaka mafupa a anthu akale, nthawi ya swala, yoti Fahadi akapemphere ku mzikiti, n'kukwana.

"Iwe Ireen, usandisiye m'dzenjemu!" anatero Fahadi akunyamuka.

"Khala momwemo, uphunzire kumva za anzako," ndinamuyankha. "Timaliza Loweruka."

Pakati pa sabata lole inamugunda Fahadi ali pa njinga, n'kumwalira. Ine, Golden ndi Keziya tinaganiza mwa chizolowezi cha kwathu kuno, kuti maliro adikira abale a kutali. Tinati tipite mawa lake, tisonkhe kaye ufa ndi nkhuni. Kupusa kwake! Titafika, mlongo wake Rukaiya anatiuza kuti anamuika dzulo lomwelo dzuwa lisanalowe, monga achitira Asilamu. Nkhope yake sitinaione. Tinangoima pakhomopo ndi nkhuni zathu, ndipo mpaka lero zimandipweteka.

Loweruka Golden anati, "Ine masewerawa basi." Keziya sanabwere n'komwe. Ndinakwiya koopsa. Munthu tamuphonya kumanda, timusiyenso m'dzenje?

Ndiye ndinasewera ndekha pakhonde panga masana. Ukakhala wekha umafunsa funso n'kuponya dayisi: ikagwa nambala yaikulu ndiye kuti inde, yaing'ono ayi.

Kodi m'dzenjemo muli muzu wogwira? Inde. Kodi upirira kulemera kwake? Inde. Kodi wafika pamwamba? Dayisi inagubuduka mpaka pansi pa mpando, ndinachita kugwada kuti ndiione. Inde!

Ndinakuwa ngati wamisala, nkhuku mbwee kuthawa. Ndinafotokoza mokweza momwe mlenje watulukira, fumbi thupi lonse, bondo litasupuka, dzuwa likumuthobwa m'maso. Kenako ndinatembenukira kumanzere kwanga, mbali imene Fahadi ankakonda kukhala, pakamwa n'kutsogola pokha:

"Watuluka. Tsopano uchita chiyani?"

Limenelo si funso la dayisi, amayankha ndi mwini munthu. Ndinakhala pomwepo kudikira.