Vimbuza za Monalisa

Monalisa, namwino wochokera ku Ndirande, anali ndi zinthu ziwiri zomusowetsa mtendere ku Chitipa: fumbi ndi amayi ake a Dickson. Fumbi analizolowera. Koma NyaKaonga, mayi wa bwenzi lakelo, anali mwala weniweni. Anauza mwana wawo poyera kuti ng'ombe za malowolo sizituluka m'khola chifukwa cha mtsikana wa kummwera, amene mawa akamusamutsa ntchito adzanyamula zidzukulu n'kupita nazo kwawo. Monalisa ankamukonda Dickson mpaka kupusa, ndipo mawu amenewa ankamuwawa kwambiri.

Mankhwala ake anali nyimbo za hevi meto, zakunja zaphokoso la magitala ndi ng'oma. Akatopa ankamvera za dumu, zoyenda mokoka miyendo ngati anthu opita kumanda. Akapsa mtima ankaika za defi, zomwe ng'oma zake zimathamanga osapuma, woimbayo n'kumangobangula, liwu lomveka osapezeka n'limodzi lomwe. Kumudzi ngati uja, m'munsi mwa mapiri a Mafinga, zoterezi suika pa sipika ukafuna kukhala bwino ndi anthu. Iye ankabisa timahedifoni m'makutu, pansi pa tsitsi.

Loweruka lina masana atatha kuchapa anaika za defi. Linayamba ndi phazi, kenako khosi linadzilamulira lokha. Mutu m'mwamba, mutu pansi, tsitsi lili balala, maso atatsinzina, nayenso akubangulira limodzi. "Odi" sanamumve. Potsegula maso anangoona NyaKaonga ali chilili pakhomo. Anabwera kudzapempha mankhwala a maondo.

Basi, ukwati wathera pompa, anatero Monalisa mumtima.

"Mwana wane," anatero mayiwo motsitsa mawu, "ng'oma ukuzimva?"

"Ndikuzimva, amama." Sananame, zinali zikulirabe m'khutu.

"Ine sindikumva kanthu. Nanga chibwerereni kuno, zikuchuluka?"

"Kwambiri," anayankha Monalisa, ndipo anatsala pang'ono kuwonjezera kuti chifukwa cha inu.

NyaKaonga anakhala pansi, maondo aja ataiwalika. Misozi inalengeza m'maso mwawo. Kwa iwo nkhani inali yoonekeratu: vimbuza, mizimu ija imagwira munthu n'kumuvinitsa mpaka atamuimbira ng'oma.

"Malemu amama ankagwedeza khosi chimodzimodzi, ndi kabangulidwe komwe. Iwe, mizimu ya kwathu siigwira munthu wodutsa! Ikakugwira ndiye kuti ndiwe wakuno. Ine ndani kuti nditsutse?"

Dzanja la Monalisa linali litafika kale pakhutu. Kungosolola kachinthu kaja n'kuwaonetsa, nkhani ikanatha. Analeredwa mu Mvano ndi mayi osakonda bodza, ndipo manyazi anamugwira ndithu. Koma chibwerere ku Chitipa, mayiwa anali asanamuyang'anepo ndi maso ofewa chonchi.

"Ndikawauza awiske Dickson, amuna angawo, asankhe ng'ombe," anapitiriza NyaKaonga. "Koma kutchalitchi usakanene, ndine wa kwaya ine. Oimba ng'oma ndikuitanira mwakachetechete, uvine, uchire. Wamva, mkamwana?"

Mkamwana, ndiye kuti mkazi wa mwana wawo! Monalisa anatsitsa dzanja pang'onopang'ono, n'kukokera tsitsi pakhutu kuti libise bwino. Anagwada mwaulemu wonse, manja pamodzi.

"Yewo chomene, amama. Koma mukawauze anthu a ng'omawo adye mokwanira. Mizimu yangayi imafuna zothamanga."