Kope la Miyezo

"Makinawo usawakhudze," anatero mlongo wake wamkulu kwa mnyamatayo. "Tingosanja zovala za eni ake."

Panali patatha masiku asanu chimwalirire bambo awo, atelala. Awiriwo anali m'kashopu ka malemuwo, mlongoyo ali ndi khanda la miyezi isanu ndi inayi m'manja. Mwana wake wamkulu, mtsikana wa zaka zisanu amene onse ankamutcha Kaulusi, anali pansi pa tebulo lodulira nsalu, akundandalika timaulusi pamzere. Sanafunse za agogo ake. Kaulusi sankalankhula.

"Lachinayi likubwerali kuli katemera wa chikuku," anatero mnyamatayo uku akupinda thalauza. "Anesi anandiimitsa pamsewu. Akuti ana atatu a mumzere wathu agonekedwa kale."

"Ayamba a Dokotala."

Dzinali linamukakamira chisiyire koleji ya zachipatala m'chaka chachiwiri. Ndi bambo ake okha amene sankamuitana choncho.

"Sindikuyamba. Ndikungonena tsiku."

"Wanga uyu sabayidwa. Mmodzi wakwana." Analoza pansi pa tebulo ndi chibwano. "Ankati mama, ankati madzi. Adadi anamutengera ku katemera ine ndili kuntchito, osandifunsa. Mwezi usanathe, zii."

"Kuchipatala anakuuzani, asisi. Otizimu, vuto la Kaulusili, sibwera ndi jakisoni. Anafufuza ana ambirimbiri, obayidwa ndi osabayidwa, n'chimodzimodzi. Kungoti imaonekera pamsinkhu womwewo."

"Zimenezo munaphunzira musanathawe kapena mutathawa?"

Mnyamatayo anapinda thalauza lina. Kwa zaka pafupifupi zinayi mlongo wake ankapatsa moni bambo awo ataima pakhomo. Kaulusi ankamusiya kushopuko m'mawa chifukwa kunalibe kwina komusiya, koma khandalo sanalole kuti alinyamule. Atelala sanadziteteze. Nkhaniyi ikabuka ankangoti, "Ndinamutenga ndine," n'kupondanso makina.

Panatsala suti yaimvi yopanda dzina. Mnyamatayo anatsegula dilowa natulutsa kope la miyezo kuti apeze mwini wake. Sanamupeze. Kumapeto kwa kopelo kunali masamba a Kaulusi yekha, mwezi ndi mwezi, m'malembo opendekera a bambo ake.

Miyezi 7. Chifuwa 44. Ndamuitana kanayi, sanacheuke. Sizasi itagwa anadzidzimuka, ndiye makutu ali bwino.

Miyezi 10. Chifuwa 46. Sayang'ana kumaso. Amayang'ana gudumu la makina.

Chaka. Msoko ukumuwawa, ndizisokera kunja. Mayi ake ndisawauze kaye, angoyamba kumene ntchito.

Anapereka kopelo. Mlongo wake anawerenga chiimire, khanda likukoka ngodya ya tsamba. Jakisoni uja anabayidwa Kaulusi ali ndi chaka ndi miyezi itatu. Tsikulo ankalidziwa kuposa tsiku limene anamubereka.

"Ndiye ankaona kale."

"Ankaona."

"Nanga osandiuza bwanji? Andisiye ndiziwapatsa moni ngati alendo zaka zonsezi?"

"Mukanakwiyira ndani?"

Mlongoyo anakhala pampando wa makasitomala. Panja panadutsa galimoto, magalasi a zenera n'kunjenjemera. Kaulusi anawongola kaulusi kamene kanachoka pamzere.

"Kope si dokotala," anatero mlongoyo.

"Inenso si dokotala. Mwaiwala?"

Mlongoyo anafuna kuseka koma anatsokomola. Anatembenuza tsamba lomaliza. Linali ndi mzere umodzi wokha, wolembedwa sabata imene bambo awo anagonekedwa: Wamng'ono. Ndayeza ndi maso. Pa msomali wa kuseri kwa chitseko.

Mnyamatayo anakankha chitseko. Pamsomali panali jumbo, m'jumbomo kamalaya ka buluu kositidwa bwino. Mlongo wake anakatambasula pabondo, nakatembenuza uku ndi uku.

"Sanamalize. Mkono wamanzerewu sanasoke."

"Taonani bwino."

Mkonowo unali wopindidwa m'mphepete mosamala, mbali zonse ziwiri. Unkatseka ndi timabatani titatu, kuchokera paphewa mpaka pachigongono.

Mlongoyo anavula khandalo kajuzi kake, nalilowetsa mutu m'kamalayako. Khandalo linadandaula pang'ono n'kuleka. Anamasula timabatani tija, kamodzikamodzi, nsalu inagwera kumbali, kamkono kanatsala poyera pamalo amene nesi amapukuta ndi thonje asanabaye jakisoni. Anakayang'ana nthawi yaitali, chala chake chachikulu chili pomwepo. Kenaka anamanganso.

"Maso awo anali atayamba kunama," anatero, akukoka nsalu pamimba pa khandalo. "Kamuthina. Pofika sabata yamawa sikamukwananso."

Sanalivule. Kajuzi kaja anakapinda n'kukaika m'chikwama.