Kagalasi ka Nambala 214

Moni kwa inu amene mukuwerenga. Ndithokoze Mulungu amene watisunga tonse kufikira lero.

Ndimagwira ntchito m'chipinda choyezera cha pachipatala. Timaika tinyama todulidwa m'thupi la odwala pa tigalasi, n'kumatiunika pa makina okuza zinthu. Ine ndimawerenga maselo, tizigawo ting'onoting'ono topanga thupi, amene akugawikana. Selo labwino silipupuluma. Limakula, n'kuima ngati pachipata, kudzifufuza ngati zonse zili bwino m'kati. Likakopera malangizo a m'kati mwake pokonzekera kugawikana, limaimanso. Likapeza cholakwika limakonza, ndipo zikakanika limalolera kufa. Selo la khansa ndi lomwe lasiya kuima pazipata zimenezi.

Lachiwiri lina m'mawa m'thireyi munabwera kagalasi ka nambala 214. Nambalayo ndinaidziwa. Inali pa chikalata cha amayi anga, tsiku lomwe anawadula kachidutswa ka chotupa cha m'bere.

Lamulo lathu ndi lakuti za wachibale suunika. Koma mkulu wathu wa ntchito, amene timawatchula kuti a Pang'onopang'ono, anali atapita kukasamba m'manja. Ndinaika kagalasi pamakina. Timadontho takuda, tooneka ngati maselo akugawikana, tinali ponseponse. Ndinawerenga khumi ndi tinayi. Chotupa chotere n'cholusa.

"Chemwali, nkhope imeneyo mwaiona pamakinapo kapena mwabwera nayo?" anafunsa a Pang'onopang'ono atalowa.

"Ndi amayi anga, bambo. Khumi ndi anayi akugawikana."

"Amayi anu? Ndiye mukutani pampando umenewo? Tadzukani."

Anapukuta magalasi awo amaso ndi tayi, monga mwa masiku onse, n'kukhala. Anaunika nthawi yaitali, akung'ung'udza nyimbo yakutchalitchi yomwe sadziwa mawu ake bwinobwino. Ine ndinangoima, kupemphera kopanda mawu.

"Tabwerani," anatero. "Aka kakuda kofota ngati mphesa youma, mwakawerenga?"

"Eya."

"Kakugawikana kapena kakufa?"

Ndinayang'ananso. Kanali kozungulira, kosalala, kopanda timizere ta selo lomwe likugawikana. Kanali kakufa. Kena nakonso chimodzimodzi.

"Amenewa afika pachipata, aona kuti sali bwino, avomera kupumula. Inu mwawaika m'gulu la zigawenga. Ine ndapeza awiri okha. Zaka zisanu ndi ziwiri pantchito, mantha akuwerengerani lero?"

"Ndiye kuti alibe khansa?"

"Mwayambanso kuthamanga. Khansa ilipo, koma ikuoneka yoyenda ngati ine. Adokotala aone kaye, ndiwo atsimikize."

Adokotala anatsimikiza Lachinayi: chotupacho chinali chokula pang'onopang'ono, chotheka kuchichotsa. Amayi ndinawapeza pabenchi la panja, ambulera ili pamiyendo. Ndinawauza zonse, ngakhale za kuunika kwanga mwakuba.

"Ndiye unandiika m'manda wekha, osandiuza?" anaseka, kenako anandigwira dzanja. "Mwana wanga, ngati tinthu tosaoneka timeneto Mlengi anatiphunzitsa kuima, iwe walephera bwanji kudikira munthu asambe m'manja?"

Opaleshoni inachitika mwezi womwewo. Kagalasi kotsatira ka amayi katabwera, ndinakapereka ndi manja awiri kwa a Pang'onopang'ono, n'kutuluka kukakhala pabenchi ngati mwana wa wodwala wina aliyense.

Inu amene mukudikira yankho la kuchipatala, lanu kapena la wokondedwa wanu, Ambuye akukhazikeni mtima pansi, akupatseni anthu a maso odekha, ndipo akusungeni inu ndi a m'nyumba mwanu.