Kagudumu ka pa Kamera ya Jalila

Kamera inali ya mkazi wanga, Jalila. Ine ntchito yanga inali kunyamula miyendo itatu yoimikapo kamerayo, fulasiki ya khofi ndi mpando wopinda, kenako kukhala chete. Tinkapita ku damu la Lebna Lamlungu lililonse, kuyambira ana ali aang'ono mpaka pamene mawondo athu anayamba kudandaula pokwera mtunda wa m'mbali mwa madzi. Atamwalira, chikwama cha kamera chinakhala pamwamba pa kabati chaka chathunthu. Kenako ndinachitsitsa, poti masiku a Lamlungu ankanditalikira.

Lenzi yake ndi yakale, yaitali ngati mkono, yogula kwa mkulu wina wa ku Tunis amene ankatseka sitolo. Siidzipezera yokha mbalame ngati za masiku ano. Umasuzumira pakazenera ka kumbuyo kwa kamera, n'kumapotokola mphete ya lenzi ndi dzanja mpaka diso la mbalame lioneke bwino, ndiye n'kudina. Jalila ankakankhira magalasi ake pamwamba pa mpango wakumutu n'kugunditsa diso pakazenerapo. Ankaona pafupi pokha. Popanda magalasi, ngakhale ine sankandizindikira ndikakhala tsidya lina la msewu.

Pakhoma la pabalaza pathu ku Menzel Temime panali zithunzi zake: akakowa, abakha a mitundumitundu, kadzidzi akuyasamula. Dokowe wakuda ndiye panalibe. Adokowe oyera savuta, koma wakuda ndi wamanyazi. Amadutsa kwathu nyengo ya maluwa popita ku Ulaya, satera nthawi yaitali, ndipo akatera amatera kutali. Tinamuonapo kangapo ngati kadontho kutsidya kwa damu. Jalila ankalimbikira kuti mbalameyo si yakuda ayi, ati pakhosi pake pali kubiriwira ndi kamtundu ka pepo.

"Wakuda ndi wakuda basi," ndinkatero ine.

"Mudzaona, aphunzitsi," iye ankayankha.

Nditayamba kujambula ndekha, zithunzi zanga zonse zinkatuluka zachimbuuzi. Ndikasuzumira pakazenera paja zinkakhala ngati wina wapumira mpweya pagalasi, ndiye ndinkangoyerekeza n'kudina. Ndinapita kwa dokotala wa maso. Anati patali ndimaona ngati mnyamata, ndingosintha magalasi owerengera. Ndinangoti mwina ndi manja akunjenjemera, kapena luso linali la Jalila yekha.

Mwana wathu Emna anali atanena kale kuti Epulo akatha adzanditenga ndikakhale naye ku Tunis, ndipo galimoto ndisiye kuyendetsa. Sindinakane. Choncho Lamlungu lomaliza la mweziwo linali ulendo wanga wotsiriza wa ku Lebna, ndipo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, mbalame imene inkasowa pakhoma paja.

Ndinapita ndi Lotfi, mnzanga wa kusukulu, amene anagulitsa mankhwala m'tauni mwathu mpaka kukalamba. Ali ndi kamera yatsopano yolira ngati makina osokera, ndi pakamwa posatopa. Iye ndiye anandiimbira foni kuti abusa aona chimbalame chakuda cha miyendo yofiira kumtunda kwa damu. Dzuwa limatuluka tili kale m'bango, kuseri kwa masaka amene ojambula anzathu anamangirira pamitengo kuti mbalame zisamationa.

"Iwe Moncef, tandionetsa zaluso zako za sabata yatha," anatero Lotfi. Anayang'ana zithunzizo kumbuyo kwa kamera, n'kupendeketsa mutu. "Ichi n'chiyani? Bakha kapena pilo?"

"Bakha."

"Mulungu amuchitire chifundo bakha ameneyu. Tabweretsa kuno chimunsi chakocho."

Anasendera pampando wanga n'kusuzumira pakazenera. Nthawi yomweyo anadzuka.

"Aaa! Iwe mdala, umaona chiyani muno? Nthunzi yokhayokha ngati m'bafa!" Anaweramanso, n'kuloza ndi chikhadabo kagudumu kakang'ono ngati nyemba ka m'mbali mwa kazenera. "Aka ukukadziwa? Kamalinganiza kazenera ndi diso la mwini kamera. Kapotokoledwa kutali aka, kwa munthu wosaona patali. Ndiwe yemwe uja unaphunzitsa ana a eni za magalasi ndi kuwala zaka zonse zija? Boma likadziwa likulanda penshoni!"

Kagudumuko ndinkakadziwa, koma m'mabuku. Pamene Lotfi ankaseka ndinakumbukira tsiku limene tinagula kamerayo. Jalila anakhala patebulo la kukhitchini, magalasi ali pamutu, akuloza kamera pa kalendala ya pakhoma, akupotokola kagudumuko pang'onopang'ono mpaka anati, "Eya, apa." Kuchokera tsiku limenelo palibe anakakhudzanso. Zovala zake tinagawa, magalasi ake anatenga mchemwali wake. Muyeso wa diso lake unali utatsala pamenepo pokha.

Chala cha Lotfi chinali kale pakagudumupo. Ndinamugwira dzanja.

"Kasiye."

"Ndingokabweza pang'ono, aise, uone mmene dziko likukongolera."

"Ndati kasiye, Lotfi."

Anandiyang'ana, kenako anayang'ana kamera. Anabwerera pampando wake n'kutsegula fulasiki.

"Mayi Jalila aja ankandithamangitsa pano, ukukumbuka?" anatero patapita kanthawi, akundipatsa khofi. "Ati, 'A Lotfi, nkhani za mlamu wanu mbalame zamva kale, pitani mukauzeko ng'ombe.'"

"Unkapitadi."

"Nanga ndikanatani? Ngakhale iwe unkawaopa."

Tinamwa khofi. Mphepo inali itasiya, madzi ali bata. Abakha ankavuukavuuka m'mphepete mwa bango monga ankachitira kale, nthawi imene Emna ankagona pabulangete kumbuyo kwathu, Jalila akundikodola ndi chigongono ndikatsokomola.

Kenako mthunzi unadutsa pamasaka paja. Dokowe wakuda anatera m'madzi osaya, pafupi kuposa mmene tinamuonerapo ndi kale lonse. Anaima kaye, n'kuyamba kuyenda mwaulemu, mlomo uli m'madzi.

Ndinasuzumira pakazenera. Ndinaona chibanga chakuda chikuyenda m'nkhungu. Ndinapotokola mphete ya lenzi uku ndi uku, koma sindinathe kudziwa pamene pali diso.

"Ndikujambulire ine," ananong'ona Lotfi. "Ndikupatsa, ukapachike. Adziwa ndani?"

"Ndidziwa ine."

Ndinaona kuti manja ake ali pamawondo. Kamera yake ikanalira, mbalameyo ikanathawa, ndipo iye ankadziwa zimenezo.

Kumtunda kunamveka kulira kwa nkhosa ndi mluzu wa mbusa. Ankatsikira kumadzi. Dokowe anadzutsa mutu n'kuima nji, khosi litatambasuka.

Ndinaika chikhadabo pakagudumu kaja. Kanali kolimba, kanakana kaye, kenako kanalola n'kumalira pang'onopang'ono pansi pa chala changa. Nkhungu ija inayamba kuchoka. Bango linaoneka phesi lililonse palokha. Ndinagwira mphete ya lenzi n'kuipotokola mpaka ndinaona diso, lozunguliridwa ndi khungu lofiira ngati mlomo wake. Mbalameyo inatembenukira kudzuwa. Ndinadina, n'kudinanso. Inagwada pang'ono, inatambasula mapiko, ndipo inapita cha kumpoto osabwereranso.

Lotfi anatulutsa mpweya ngati munthu wotuluka pansi pa madzi.

"Mulungu ndi wamkulu! Tsopano kabwezere pomwe kanali. Kanalira kangati?"

"Sindinawerenge."

"Tiyerekeze ndiye. Ine ndinasuzumiramo, ndikukumbuka mmene munalili."

"Ayi, Lotfi. Pakhala poyerekeza pako, osati pa Jalila."

Anakanda kumutu. Kenako anafunyulula buledi wathu wa nsomba ya m'chitini, tsabola ndi azitona, anamunyema pakati n'kundipatsa mbali yaikulu, chinthu chimene sanachitepo chiyambire kusukulu. Nkhosa zinafika pamadzi n'kuvundula malo onse amene panaima mbalame paja.

Ndinavala magalasi anga owerengera n'kutsegula chithunzi chomaliza. Ndinachikulitsa mpaka khosi linadzaza galasi lonse. Nthenga iliyonse inkaoneka. Kuchokera kumutu mpaka paphewa panali kubiriwira konyezimira, ndipo m'munsi mwake kamtundu ka pepo.

"Si wakuda," ndinatero.

"Ukuuza ine?" anafunsa Lotfi, buledi ali m'kamwa.

Ndinapinda miyendo itatu ija n'kuiika paphewa, kamera ndinaikoleka m'khosi, ndipo tinayamba kukwera mtunda.